Kompyuta ya magemu: kusintha zida, kumanga yatsopano, kapena kugula yomangidwa kale?

Gemu ikayamba kudukizadukiza, zithunzi n'kumaima pa nthawi imene mukufuna kuti ziyende bwino kwambiri, ganizo loyamba limene limabwera n'lakuti kompyuta yonse yatha ntchito ndipo pakufunika ina. Kawirikawiri si mmene zimakhalira. Kompyuta ya patebulo ndi zida zosiyanasiyana zolumikizidwa m'bokosi limodzi: pulosesa yowerengera zonse, graphics card kapena kuti khadi la zithunzi, motherboard pamene zida zonse zimalumikizidwa, RAM yosungira kwakanthawi zimene zikugwiritsidwa ntchito, SSD yosungira mafayilo, power supply yogawa magetsi, ndiponso zoziziritsira. Zida zimenezi sizikalamba nthawi imodzi, ndipo gemu iliyonse imazilemetsa mosiyana. N'chifukwa chake munthu wofuna kusewera bwino ali ndi njira zingapo zoti asankhepo. Angasinthe chida chimodzi kapena ziwiri m'kompyuta imene ali nayo kale, angagule zida chimodzichimodzi n'kumanga yatsopano ndi manja ake, angagule yomangidwa kale, kapenanso angatenge kompyuta yakale ya mu ofesi n'kuiikamo khadi la zithunzi. Zonsezi zingamupatse liwiro lokhutiritsa pa tsiku loyamba. Pamene zimasiyana kwambiri ndi pa zimene iliyonse idzamulole kuchita pakadutsa zaka zitatu kapena zinayi, ndipo muyeso umenewu ndi umene ndiugwiritse ntchito poziyerekeza.

Poyambira ndi monita

Musanaganize za chida chilichonse cha m'bokosi, yang'anani monita imene muziseweretsa, chifukwa ndi imene imanena kukula kwa ntchito. Monita ya 1920 × 1080 ili ndi timadontho ta kuwala 2,073,600, ya 2560 × 1440 ili ndi timadontho 3,686,400, pamene ya 4K, yomwe ndi 3840 × 2160, ili ndi timadontho 8,294,400, kutanthauza kuti yawirikiza kanayi yoyamba ija. Timadontho tonseti timajambulidwa ndi khadi la zithunzi, choncho tikamachuluka, khadi ndi limene limasenza katundu wowonjezerekayo. Kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi ndi nkhani ina. Pa monita ya 60 Hz, imene imasintha chithunzi maulendo 60 pa sekondi, kompyuta ili ndi mamilisekondi 16.7 okonzera chithunzi chilichonse, koma pa ya 144 Hz ili ndi mamilisekondi 6.9 okha, ndipo m'kanthawi kameneko pulosesa iyenera kukhala itamaliza kuwerengera kayendedwe ka zonse za m'gemu khadi lisanayambe kujambula. Munthu wosewera Counter-Strike 2 kapena Valorant pa 1080p, kutanthauza 1920 × 1080, amene akufuna zithunzi mazana angapo pa sekondi, amadalira kwambiri pulosesa. Wosewera Cyberpunk 2077 pa 4K atayatsa ray tracing, njira yowerengera kayendedwe ka kuwala m'chithunzi, amadalira kwambiri khadi. Anthu awiriwa sayenera kugula zida zofanana ngakhale atakhala ndi ndalama zofanana.

Kwa amene ali ndi kompyuta kale, pali njira yophweka yodziwira chida chimene chikubwezera zinzake m'mbuyo. Pulogalamu yaulere monga MSI Afterburner kapena HWiNFO imaonetsa mmene chida chilichonse chikugwirira ntchito gemu ili m'kati. Khadi likakhala pa 97 mpaka 100 peresenti nthawi zonse, ndiye kuti ndi limene lafika pamapeto a mphamvu zake. Likamangokhala pa 60 kapena 70 peresenti koma zithunzi zikuchepabe, ndiye kuti likudikira pulosesa kapena RAM. Kutsitsa kuchuluka kwa timadontho m'gemu kumatsimikizira zimenezi: zithunzi pa sekondi zikakwera kwambiri, vuto linali khadi, zikapanda kusintha, vuto lili kwina. Chenjerani ndi chiwerengero cha ntchito ya pulosesa yonse, chifukwa magemu ambiri amatsamira pa ma core ochepa, omwe ndi magawo a pulosesa ogwira ntchito paokhapaokha, moti pulosesa ingaonetse 40 peresenti pamene core imodzi yofunika yadzaziratu. Yang'ananinso kutentha, popeza chida chikatentha mopitirira malire chimadzichepetsera chokha liwiro, ndipo nthawi zina chimene chikufunika ndi kungochotsa fumbi.

Kusintha zida m'kompyuta imene muli nayo

Njira imeneyi ndi imene ndimaiika patsogolo kwa aliyense amene maziko a kompyuta yake akadali abwino, chifukwa ndalama zonse zimapita pa chida chimene chikuvutacho. Kusintha khadi la zithunzi ndi kumene kumaonekera kwambiri m'magemu. Munthu amene akadali ndi GeForce GTX 1060 ya m'chaka cha 2016 akaika khadi lapakatikati la masiku ano amaona kusiyana nthawi yomweyo, ndiponso amapeza zinthu zimene khadi lakalelo linalibe, monga DLSS ya Nvidia, njira yojambula chithunzi chaching'ono n'kuchikulitsa, imene imagwira ntchito pa makhadi a RTX okha kuyambira a m'gulu la RTX 20 a m'chaka cha 2018. Koma khadi latsopano lili ndi zofuna zake zitatu zimene muyenera kuziyeza musanagule. Choyamba ndi kutalika, chifukwa makhadi a mafani atatu ambiri amapitirira masentimita 30 ndipo salowa m'bokosi lililonse. Chachiwiri ndi magetsi. Malo olowetsamo khadi pa motherboard amapereka mawati 75 okha, waya wa timapini 6 amawonjezera mawati 75, wa timapini 8 amawonjezera 150, pamene cholumikizira chatsopano cha timapini 16 chimatha kufika mawati 600. GeForce RTX 4060 imadya mawati 115, RTX 4090 imadya 450, ndipo RTX 5090 ya m'chaka cha 2025 imadya 575. Power supply imene inkakwanira khadi lakale ikhoza kumazimitsa kompyuta gemu ikafika polemera.

Chachitatu, chimene ambiri amachiiwala, ndi msinkhu wa motherboard. Makhadi a PCI Express (PCIe), womwe ndi muyezo wolumikizira khadi ku motherboard, amagwira ntchito pa mibadwo yakale ya motherboard, koma ena otsika mtengo amagwiritsa ntchito mizere yochepa yolumikizirana. Radeon RX 6500 XT ili ndi mizere 4 yokha m'malo mwa 16, ndiponso memory yake ndi 4 GB, choncho ikaikidwa pa motherboard ya PCIe 3.0 imataya liwiro looneka ndithu m'magemu ena. Makhadi a Intel Arc nawo amafuna kuti motherboard ikhale ndi Resizable BAR, njira yolola pulosesa kufikira memory yonse ya khadi nthawi imodzi, ndipo popanda zimenezi sagwira ntchito mmene ayenera kugwirira. Khadi limene ndi labwino m'kompyuta yatsopano likhoza kukhala losayenera m'kompyuta ya zaka zisanu ndi zitatu.

RAM ndi SSD ndi zosavuta kusintha ndipo sizifuna kulongosola kwambiri. Kuchoka pa 8 GB kufika pa 16 GB kumathetsa kudukiza kochuluka m'magemu a masiku ano, ndipo 32 GB ndi yoyenera kwa amene amatsegula zinthu zina pambali kapena amasewera magemu olemera kwambiri. Timitengo ta RAM tiwiri tofanana timaposa kamodzi ka kukula komweko, chifukwa pulosesa imatha kulankhula ndi tonse tiwiri nthawi imodzi. Pa motherboard ya malo anayi, kawirikawiri timaikidwa pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku pulosesa, koma buku la motherboard ndi limene limanena zenizeni. Kuchoka pa hard disk kupita pa SSD kumafupikitsa kwambiri nthawi yodikira kuti gemu itseguke. SSD ya mtundu wakale wa SATA imafika pafupifupi 550 MB pa sekondi, ya mtundu watsopano wa NVMe pa PCIe 3.0 imafika pafupifupi 3,500, ndipo ya PCIe 4.0 pafupifupi 7,000, koma m'magemu ambiri kusiyana pakati pa ma SSD amenewa n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa SSD iliyonse ndi hard disk.

Pa pulosesa m'pamene njira imeneyi imapambana kapena kulephera, ndipo zonse zimadalira soketi, malo a pa motherboard pamene pulosesa imalowa. AMD inasunga soketi ya AM4 kwa nthawi yaitali modabwitsa. Mapulosesa oyamba a Ryzen anatuluka m'chaka cha 2017, koma soketi yomweyo inalandira Ryzen 7 5800X3D m'chaka cha 2022, pulosesa ya ma core 8 yokhala ndi cache ya 96 MB, memory yothamanga ya m'kati mwa pulosesa imene imathandiza kwambiri m'magemu, kenako Ryzen 7 5700X3D kumayambiriro kwa 2024. Munthu amene anamanga kompyuta ndi Ryzen 5 1600 akhoza, ngati wopanga motherboard yake anatulutsa BIOS yoyenera, yomwe ndi pulogalamu ya m'kati mwa motherboard yoyambitsa kompyuta, kuchotsa pulosesa yakaleyo n'kuikapo ya m'gulu la 5000 popanda kusintha motherboard kapena RAM. BIOS iyenera kusinthidwa pulosesa yakale ikadali pamalo pake, pokhapokha ngati motherboard ili ndi batani losinthira BIOS popanda pulosesa. Kumbali ya Intel masoketi akhala akusintha pafupipafupi. Soketi ya LGA1200 inatumikira mapulosesa a m'badwo wa 10 ndi wa 11, LGA1700 inatumikira wa 12, wa 13 ndi wa 14, ndipo LGA1151 inali ndi msampha wakewake, chifukwa mapulosesa a m'badwo wa 8 ndi wa 9 amalowa bwinobwino m'soketi ya motherboard zopangidwira m'badwo wa 6 ndi wa 7 koma sagwira ntchito pamenepo.

Malire a njira imeneyi amafika pamene pulosesa imene mukufuna ikufuna soketi ina. Pamenepo motherboard iyenera kusintha, ndipo nthawi zambiri RAM nayonso, popeza DDR4 ndi DDR5, mibadwo iwiri ya RAM, sizilowana ngakhale zonse zili ndi timapini 288. Kampata kake kali pa malo osiyana. Palinso malire ena amene Microsoft inaika. Windows 10 inasiya kulandira chithandizo chanthawi zonse pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna mbali ya chitetezo yotchedwa TPM 2.0 komanso pulosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena Ryzen ya m'gulu la 2000 kupita m'tsogolo, kupatulapo zochepa. Magemu ena a pa intaneti nawonso ayamba kufuna Secure Boot, njira ya mu BIOS yoletsa mapulogalamu osadalirika kompyuta ikamayaka, pofuna kuletsa anthu obera. Kuthira ndalama zambiri m'kompyuta imene ili kunja kwa malire amenewa n'kumangirira pa maziko amene atsala pang'ono kusiyidwa.

Kumanga yatsopano ndi manja anu

Kwa munthu amene akuyambira pansi, kapena amene wafika pa malire ndatchulawa, kumanga yekha ndi njira imene imamupatsa ulamuliro pa chida chilichonse, makamaka zida zimene sizionekera pa chiwerengero cha zithunzi pa sekondi koma ndi zimene zimakhalitsa. Bokosi labwino ndi power supply yabwino zikhoza kudutsa mibadwo iwiri kapena itatu ya makhadi. Zimenezi zimatheka chifukwa cha muyezo wa ATX umene Intel inaukhazikitsa m'chaka cha 1995, umene umanena kukula kwa motherboard, malo a mabowo omangira, ndi kalumikizidwe ka magetsi. Motherboard ya ATX ndi mamilimita 305 × 244, ya microATX ndi 244 × 244, ndipo ya Mini-ITX ndi 170 × 170. Kwa womanga koyamba ndimalimbikitsa ATX kapena microATX m'bokosi lotakasuka. Mini-ITX ndi yokongola, koma malo a RAM amakhala awiri okha, manja amavutika kulowa, ndipo choziziritsira ndi khadi ziyenera kuyezedwa mosamala kwambiri.

Posankha maziko, funso n'lakuti soketi ili ndi tsogolo lotani. AM5 ya AMD inayamba mu September 2022 ndi Ryzen 7000, imagwiritsa ntchito DDR5 yokha, ndipo AMD inanena kuti idzaithandizabe mpaka chaka cha 2027 ndi kupitirira. Ryzen 7 7800X3D ya m'chaka cha 2023 ndi Ryzen 7 9800X3D ya kumapeto kwa 2024 zili m'gulu la mapulosesa amphamvu kwambiri pa magemu, koma munthu akhoza kuyamba ndi Ryzen 5 7600 ya ma core 6 n'kudzaika yamphamvu m'tsogolo pa motherboard yomweyo. LGA1700 ya Intel ili ndi ubwino wakuti pali motherboard za DDR4 ndi zina za DDR5, zimene zingathandize amene ali ndi RAM yakale yabwino, koma soketiyi sidzalandiranso m'badwo watsopano. Amene akusankha pulosesa yamphamvu ya m'badwo wa 13 kapena wa 14 akumbukire kuti m'chaka cha 2024 Intel inavomereza vuto la volteji yokwera limene linkachititsa ena mwa mapulosesawa kusakhazikika, inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS ndipo inawonjezera waranti ndi zaka ziwiri. BIOS yatsopano ndi chinthu choyamba kuika pa kompyuta yoteroyo. LGA1851, imene inabwera ndi Core Ultra 200S mu October 2024, imafuna DDR5 yokha.

Gawo lalikulu la ndalama m'kompyuta ya magemu liyenera kupita pa khadi, ndipo pa khadi ndimayang'ana kwambiri kukula kwa memory yake. Khadi la 8 GB limakwanira pa 1080p m'magemu ambiri, koma magemu ena atsopano amadzaza 8 GB akaikidwa pa zithunzi zapamwamba, ndipo memory ikadzaza pamabwera kudukiza kapena zithunzi zosaoneka bwino. Memory ya pakhadi ndi yowotcherera, simungaiwonjezere ngati RAM. Makhadi monga Intel Arc B580 ya 12 GB kapena Radeon RX 9070 XT ya 16 GB ali ndi mpata wokulirapo pa nkhani imeneyi. Njira zojambula chithunzi chaching'ono n'kuchikulitsa, monga DLSS, FSR ya AMD ndi XeSS ya Intel, zimatalikitsa moyo wa khadi, koma sizilowa m'malo mwa memory imene palibe.

Power supply ndi chida chimene sindingalangize aliyense kuchigula mongofuna chotchipa. Chizindikiro cha 80 PLUS, kaya Bronze, Gold kapena Platinum, chimanena za kusawononga magetsi. Chimatsimikizira kuti gawo lalikulu la magetsi ochokera kukhoma likufika ku zida m'malo mosanduka kutentha, koma sichinena zonse za ubwino wa zida za m'kati mwake kapena za chitetezo chake. Werengani zotsatira za anthu amene anaiyeza ndi zipangizo, onani kutalika kwa waranti, ndipo siyani mpata pamwamba pa mawati amene kompyuta ikufuna, chifukwa makhadi amphamvu amakoka magetsi ochuluka mwadzidzidzi kwa kanthawi kochepa kwambiri. Muyezo wa ATX 3.0 wa m'chaka cha 2022 unapangidwa poganizira kukoka kotereku. Ngati khadi likugwiritsa ntchito cholumikizira cha timapini 16, chilowetseni mpaka chimveke kuti chagwira ndipo musapinde waya pafupi ndi mutu wake. M'chaka cha 2022 zolumikizira zina za RTX 4090 zinasungunuka, ndipo Nvidia inanena kuti chimene chinkachititsa kawirikawiri ndi kusalowetsa mokwanira.

Ntchito yomanga yeniyeniyo si yovuta mmene imaonekera. Imafuna sikuludalaiva imodzi, tebulo loyera, buku la motherboard ndi kudekha. Zolakwika zimene zimachitika ndi zodziwika: kupinda timapini ta m'soketi poika pulosesa, kuiwala kuchotsa kapulasitiki ka pansi pa choziziritsira, kuiwala waya wa magetsi a pulosesa wa pakona yapamwamba, kapena kusiya kamwendo kachitsulo ka m'bokosi pa malo pamene motherboard ilibe bowo. Kompyuta ikayaka, waya wa monita alowe m'khadi la zithunzi, osati kumbuyo kwa motherboard, ndipo mu BIOS muyatse XMP kapena EXPO, zimene zimaika RAM pa liwiro lake lolembedwa, apo ayi RAM imene munagula ngati DDR5-6000 iziyenda pa liwiro lotsika monga 4800. Mtolo weniweni wa njira imeneyi umabwera kompyuta ikakana kuyaka. Chida chilichonse chili ndi waranti yakeyake, ndipo inuyo ndi amene muyenera kupeza chimene chafa, nthawi zina mulibe chida china choyesera. Motherboard yokhala ndi timagetsi tosonyeza pamene vuto lili imathandiza kwambiri pa nthawi yoteroyo, monganso pulosesa yokhala ndi mbali yojambula zithunzi m'kati mwake, imene imakulolani kuyatsa kompyuta khadi litachotsedwa. Mapulosesa a Intel okhala ndi chilembo F kumapeto alibe mbali imeneyi.

Kugula yomangidwa kale

Anthu okonda kumanga amainyoza njira imeneyi kuposa mmene iyenera kunyozedwera. Kompyuta imafika itayesedwa, Windows ili kale m'kati, waranti ndi imodzi, ndipo ikavuta pali malo amodzi okadandaula. Kwa munthu amene alibe nthawi, kapena amene sangapirire kukhala sabata yathunthu akufufuza chida chakufa, zimenezi n'zamtengo wapatali. M'zaka za 2020 ndi 2021, pamene makhadi anasowa kwambiri pa msika, kugula kompyuta yathunthu kunali njira imodzi yopezera khadi latsopano.

Koma makompyuta omangidwa kale ali m'mitundu iwiri yosiyana kwambiri. Ena amamangidwa ndi zida wamba za ATX, zomwezo zimene mukanagula nokha, ndipo amenewa mungadzawasinthe zida monga kompyuta ina iliyonse. Ena, makamaka a makampani akuluakulu opanga makompyuta ambirimbiri, amakhala ndi motherboard ya maonekedwe akeake, power supply ya zolumikizira zakezake, ndi bokosi limene silingalandire zida za kwina. M'kompyuta yoteroyo, tsiku limene mudzafune khadi lamphamvu mudzapeza kuti power supply ndi yochepa ndipo yolowa m'malo mwake sipezeka mosavuta. Zotsatsa zimalemba mokweza dzina la pulosesa ndi la khadi, koma zimakhala chete pa zina zonse. Musanalipire, funsani dzina lenileni la motherboard ndi la power supply, funsani ngati RAM ndi kamtengo kamodzi kapena tiwiri, onani ngati kutsogolo kwa bokosi kuli polowera mpweya, ndiponso funsani ngati kutsegula bokosi kumakhudza waranti. Wogulitsa akatha kuyankha mafunso amenewa momveka, ndipo zida zikakhala wamba, kompyuta yomangidwa kale imatsala pang'ono kufanana ndi yomanga nokha. Akalephera kuyankha, muiyese ngati chinthu chimene mudzagwiritse ntchito mmene chilili mpaka chidzathe.

Kompyuta ya mu ofesi ndi zida zogwiritsidwa kale ntchito

Kutenga kompyuta yakale ya mu ofesi, monga Dell OptiPlex kapena zinzake za HP ndi Lenovo, n'kuiikamo khadi laling'ono ndi njira imene yalowetsa anthu ambiri m'magemu a pakompyuta ndi ndalama zochepa, ndipo ndimailemekeza. Chinsinsi chake ndi makhadi amene amakhutira ndi mawati 75 a pa motherboard, monga mitundu ina ya GTX 1650 kapena RTX 3050 ya 6 GB, ndipo ngati bokosi ndi lopyapyala pamafunika khadi lalifupi la low profile. Pa magemu opepuka ndi akale pa 1080p, kompyuta yoteroyo imagwira ntchito. Denga lake lili pafupi, chifukwa mavuto onse a zida zosalowana ndi za kwina ali momwemo, ndipo zambiri mwa zotchipa zili ndi mapulosesa amene Windows 11 siwalandira. Ndi poyambira pabwino, koma si pomangapo nyumba.

Zida zogwiritsidwa kale ntchito zingalowe m'njira iliyonse mwa zimene tazionazi, ndipo sizifanana pa chiopsezo. Pulosesa, RAM, bokosi ndi choziziritsira cha mpweya siziwonongeka kawirikawiri. Khadi liyenera kuyesedwa likugwira ntchito yolemera kwa kanthawi, mukuyang'ana kutentha, phokoso la mafani ndi timizere kapena timadontho tachilendo pa chithunzi. Makhadi ambiri amene ankakumbira Ethereum, kutanthauza kuwerengera masamu popanga ndalama ya pa intaneti imeneyi, analowa pa msika ntchito imeneyo itatha mu September 2022. Si onse amene ndi owonongeka, koma mafani awo anazungulira usana ndi usiku. Power supply yakale ndi hard disk yakale ndi zimene ndingazipewe.

Kusintha kagwiridwe ndi kaziziritsidwe

Mukasankha njira, pamatsala zosintha zing'onozing'ono zimene zina n'zaulere. Kukweza liwiro la pulosesa kuposa la kufakitale, komwe amati overclocking, kunali ndi phindu lalikulu kale, koma mapulosesa a masiku ano amadzikweza okha mpaka pafupi ndi malire awo, choncho chotsala n'chochepa. Kumbali ya Intel kumafunanso pulosesa ya chilembo K ndi motherboard ya m'gulu la Z. Chimene ndimachiona chopindulitsa masiku ano ndi kutsitsa volteji. Khadi kapena pulosesa ikapatsidwa volteji yotsikirapo pa liwiro lomwelo, imatentha pang'ono, mafani amachepetsa phokoso, ndipo nthawi zina imakhalitsa pa liwiro lapamwamba. Pa Ryzen zimenezi zimachitika ndi Curve Optimizer mu BIOS, ndipo pa khadi zimachitika ndi MSI Afterburner kapena pulogalamu ya AMD ya Adrenalin. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, pang'onopang'ono, n'kuyesa kwa maola angapo. RAM ikasinthidwa liwiro, pulogalamu ya MemTest86 imathandiza kuona ngati ikulakwitsa. Musadabwe kuona Ryzen 7000 ikufika madigiri 95 pa ntchito yolemera, chifukwa AMD inaipanga kuti izikwera mpaka pamenepo.

Pa zoziziritsira, choziziritsira chachikulu cha mpweya chimakwanira mapulosesa ambiri a magemu, ndipo chimene chingafe pa icho ndi fani yokha, imene imasinthika mosavuta. Cha madzi chotsekeratu, chotchedwa AIO, chimathandiza pa mapulosesa otentha kwambiri ndipo chimasiya malo ozungulira soketi, koma chili ndi pampu imene tsiku lina idzaima, ndipo ikaima chonsecho chimasinthidwa. Kumanga mapaipi a madzi nokha ndi luso lokongola limene limafuna ndalama, kuyesa ngati pakudontha, ndi kusintha madzi nthawi ndi nthawi. Ndi ntchito ya munthu wokonda ntchitoyo payokha, chifukwa zithunzi pa sekondi zimene imawonjezera n'zochepa. Chimene chimathandiza aliyense ndi kayendedwe ka mpweya m'bokosi: mafani akutsogolo ndi apansi azilowetsa mpweya kudzera m'masefa a fumbi, akumbuyo ndi apamwamba aziutulutsa, ndipo olowetsa akaposa pang'ono otulutsa, fumbi silikokedwa kudzera m'ming'alu yopanda sefa. Magetsi amitundumitundu a RGB ndi okongoletsa chabe, koma powalumikiza kumbukirani kuti a timapini 4 ndi a 12 V pamene a timapini 3 ndi a 5 V, ndipo kuika a 5 V pa malo a 12 V kumawapsereza.

Pali zinthu ziwiri zokhudza power supply zimene wosintha aliyense ayenera kuzisiya, kaya kompyuta yake anaimanga yekha kapena anaigula. Musatsegule chivundikiro chake, ngakhale pofuna kusintha fani, chifukwa ma capacitor a m'kati amasunga magetsi oopsa ngakhale waya atazulidwa kukhoma. Ndipo mukasintha power supply ya mawaya ochotseka, chotsani mawaya onse akale n'kuika amene abwera ndi yatsopanoyo, ngakhale akalewo atakhala kuti akulowa bwino ndipo munawayala mokongola kumbuyo kwa bokosi. Mbali ya waya yolowa mu motherboard, m'khadi kapena mu SSD ili ndi muyezo umodzi kulikonse, koma mbali yolowa mu power supply ilibe muyezo, moti opanga osiyana, ngakhalenso mitundu yosiyana ya wopanga mmodzi, amaika 12 V pa timapini tosiyana. Waya wa SATA wa power supply ina akhoza kutumiza 12 V pamene SSD ikuyembekezera 5 V, ndipo SSD pamodzi ndi mafayilo ake onse imapsa pa nthawi imene mwangodina batani loyatsira.